Mbale ya Daeng Marewa

Kuno ku Bira mwamuna wosakwera ngalawa amasowa pobisa nkhope, ndipo Sampara wakhala ndi manyazi amenewo kuyambira ali mnyamata. Si mantha ayi, vuto ndi m'mimba. Munthuyu akangoponda thabwa loyandama, ngakhale ngalawayo ili chimangire pagombe, nkhope imachita mbuu, kenaka zonse zimene wadya zimabwerera kumene zinalowera. Amalume ake anamuyesapo ulendo umodzi wa ku Surabaya, n'kubwera naye atatsala mafupa okhaokha. Anakamutula kwa mayi ake ngati thumba la kokonati. "Mlongo, mwana wakoyu ngwapamtunda. Mpezere khasu kapena lumo." Khasu kuno n'lachabe, nthaka yathu ndi miyala yokhayokha. Anamupezera lumo.

Ndiye mpaka lero, imvi zili mbuu, Sampara amameta anthu m'kanyumba kake ka pa msewu wotsikira kugombe kumene amakhoma ngalawa. Amalinyero akabwera kuulendo amayambira kwa iye asanakaonekere kwa akazi awo, ndipo sasowa chomuseka.

"Moni, mkulu wa ngalawa ya miyendo inayi! Mafunde ali bwanji pampandopo lero?"

"Ali phee, Daeng. Khalani pansi, ndipo musayankhule kwambiri, lumo lili pakhosi panu."

Amaseka nawo, koma mumtima zimamupweteka, chifukwa mtundu wake wonse ndi wapanyanja. Umboni wake uli kumanda. Tsiku la Idi mabanja akamapita kukasesa ndi kuthira madzi pamanda a abale awo, banja la Sampara limangoyenda kuchoka pa mkazi kupita pa mkazi mnzake: agogo aakazi, mayi a agogowo, azakhali. Amuna kulibe. Onse anagona kumene imfa inawapeza, ndipo imfa sinawapezepo ali pakhomo.

Manda a mwamuna amene Sampara anakula akuthirapo madzi anali amodzi okha, a kumapeto kwenikweni, pansi pa mtengo wa bwemba. Mayi ake, Daeng Sunggu (Daeng ndi mawu aulemu amene timaitanirana kuno), sankawadumpha ngakhale chaka chimodzi. Ankazula udzu, kusesa, n'kutsanulirapo madzi amene anawasunga dala m'ketulo.

"Amma, ameneyu ndani?" anafunsa tsiku lina ali wamng'ono.

"Mwana wa munthu."

"Munthu wake uti?"

"Ndingadziwe bwanji? Anamutsitsa a ngalawa ina ine ndisanabadwe. Gwira tsachelo, usiye mafunso."

Bambo ake, Daeng Marewa, ananyamuka Sampara akuyamwa. Ngalawa imene anakwera inapita chakumwera itasenza mchere, ndipo sinabwerere. Patapita miyezi anthu anatola matabwa ake ndi mtsuko wa madzi kufupi ndi Flores, mudzi wonse n'kudziwa kuti zatha. Akazi a amuna onse a m'ngalawamo analira, anachita sadaka, ena pambuyo pake anakwatiwanso. Daeng Sunggu yekha ndiye anamanidwa maliro. Mwamuna wina wa m'mudzi momwemuno, wapakamwa ngati chitseko chopanda loko, anabwera kuchokera ku Bima n'kulumbira kuti waona Marewa padoko, ali moyo, wonenepa, pambali pake pali mkazi wobereka mwana. Anati mwina anatsika m'ngalawamo isanamire. Anafunsidwa kawiri katatu, iye osasintha mawu, mpaka anamwalira nawo.

Tsono kuno mwamuna akakhala panyanja, mkazi wake savundikira mbale imene mwamunayo amadyera. Mbale zina zonse akatsuka amazivundikira pathandala, koma iyoyo imakhala choyang'ana kumwamba monga ikhalira ngalawa pamadzi. Imavundikiridwa mwini wake akabwera, kapena zikadziwika kuti sadzabweranso. Anzake a Daeng Sunggu anavundikira zawo akulira. Iye anakana.

"Akakhala kuti ali moyo ndiye kuti akuyendabe panyanja, chifukwa palibe china chimene amadziwa," ankatero. "Ndiivundikire, ngalawa imugudubukire, wamupha akhale ine? Afe ndi zake, osati ndi dzanja langa."

Koma musaganize kuti ankaisunga mwachikondi mbale imeneyo. Aa, mayi uja anali ndi pakamwa! M'mawa uliwonse ankaitsitsa, kuitsuka ngakhale sinadyeredwe, kuipukuta, uku akuilalatira ngati mwini wake wakhala pomwepo. "Mwadzuka bwanji, a Daeng a ku Bima? Wakuphikirani chiyani lero wokongola wanuyo? Mwana wanu uja mano amera, ngati mukufuna kudziwa." Kenaka ankatsikira pansi pa nyumba pamene panali chowombera chake, n'kuyamba kuwomba nsalu mwaukali, thabwa likumveka kho, kho, kho mpaka kumzikiti. Nsalu zimenezo ndi zimene zinalera Sampara. Mawu a kwa mbale ankasintha ndi zaka: mwana wanu wayamba sukulu, mwana wanu wakwatira inu kulibe, mwana wanu wamera imvi. Ukali wokha ndiwo sunkasintha.

Sampara anayamba kufufuza za imfa za makolo ake atakula kale, ndipo anayambira pampando wake womwewo. Nkhalamba ikatsamira, thovu lili kumaso, maso atatseka, imakamba zimene singakambe pabwalo. Iye ankangoponya funso pang'onopang'ono, lumo likuyenda. Munayendapo ndi agogo anga? Nanga mchimwene wa bambo anga munamusiya kuti? Uyu ankakumbuka doko, uyo ankakumbuka chaka cha kolera, wina ankati pita ukafunse uje wa ku Tana Beru asanafe. Zina zinkatsutsana, pakuti amalinyero bodza amalidziwa, koma akazisefa pankatsala kanthu.

Akamva malo, ankatseka kanyumba kake n'kunyamuka. Tangoganizani, munthu amene amasanza ngalawa ili chimangire! Ankakwera sitima zazikulu za anthu, n'kukagona pafupi ndi chimbudzi atakumbatira ndowa. Mkazi wake Halija ankapukusa mutu pomulongedzera mpunga wa m'masamba umene ankadziwa kuti sukhalitsa m'mimba.

"Anzanu akamakalamba amapita ku Makka, Daeng. Inu mukupita kukasanzira ku Kalimantan."

"Ndikasanzako n'kubwera."

"Mukabwere ndithu. Ine mbale yanu sindikufuna kuilalatira."

Motero anapeza agogo a bambo ake ku Gresik, m'manda akale odzaza zitsamba, pamene kolera inawagwetsera pamodzi ndi anzawo. Anapeza mchimwene wa bambo ake ku Kotabaru, amene chingwe cha katundu chinamudukira padoko. Malo aliwonse ankasesa, kuthira madzi, kupemphera, n'kutola kamwala kamodzi. Agogo ake enieni anagwa m'nyanja kufupi ndi chilumba cha Selayar mphepo itatembenuza thanga mwadzidzidzi, ndipo kumeneko kunalibe chosesa. Anangotunga madzi a pamalopo m'kabotolo ka mafuta a tsitsi. Timiyala ndi kabotoloko zili pashelefu m'kanyumba kake, pakati pa zipeso ndi sopo, ndipo akamapukuta galasi m'mawa amazipukutanso.

Ku Bima anapitako kawiri. Anayenda m'mizikiti, m'manda, m'nyumba za anthu akwathu amene anakhazikika kumeneko, akuyang'anitsitsa nkhope za amuna a msinkhu wake kuti mwina aona mphuno yake pa munthu wina. Palibe amene anamvapo za Marewa. Ulendo wachiwiri atabwera, mayi ake sanafunse n'komwe. Anangouza mbale kuti, "Mwabisala bwino, a Daeng."

Apo n'kuti Daeng Sunggu atasiya kuwomba. Maso anali atachita khungu, miyendo itatupa, makwerero a nyumba akumulaka. Sampara ankamuona akupapasa pathandala kufuna mbale ija, ndipo mantha ankamugwira. Sankaopa imfa ya mayi ake yokha, pakuti imeneyo ndi njira ya tonse. Ankaopa kuti mayiyo apita osadziwa ngati anali wamasiye kapena wosiyidwa, ndiponso kuti mbale idzatsalira iye, mwana amene sadziwa ngati bambo ake ayenera kuwalira kapena kuwakwiyira.

Nkhalamba zimene zinamudziwa Marewa zinali zitatha kufa, choncho Sampara anasintha funso. Tsiku lina akusesa pansi pa bwemba paja m'malo mwa mayi ake, zinamubwerera kuti mlendo wagona apayu nayenso ali ndi kwawo, ndipo akwawo sadziwa. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense wokhala pampando wake ankafunsidwa chimodzimodzi: "Kwanu kuli manda a alendo?" Anthu a m'mudzi anayamba kumuseka kuti wometa wathu wazungulira mutu, amalonjera anthu ndi manda. Maulendo angapo anathamangira nkhani zimene zinakathera pa munthu wa mtundu wina kapena wa zaka zina.

Kenaka kunabwera La Udu, mwamuna wa pakachilumba kena kuseri kwa Bonerate, amene ngalawa yake inali pagombe kumatidwa. Anali wosakonda kuyankhula, tsitsi lake louma ndi mchere. Atafunsidwa anayamba waganiza.

"Alipo angapo. Ena sitidziwa n'komwe kumene anachokera. Amodzi timangoti a munthu wa ku Bira."

Sizasi inaima m'malere.

"Wa liti ameneyo?"

"Ine ndinali ndisanabadwe. Azakhali anga ndi amene amasesapo, ndiwo angadziwe. Bwanji, achimwene, mukundisiya mbali imodzi yosameta?"

Kuchilumba chimenecho sikupita sitima. Sampara anadikira kuti ngalawa ya La Udu ithe kumatidwa, n'kukwera yomweyo, kangalawa kamatabwa konunkha dizilo ndi nsomba zouma. Amalinyero a pagombe anasiya ntchito kudzaonerera. "Mumangirireni kumlongoti! Mpatseni ndowa ziwiri!" Kwa mayi ake Sampara anangonena kuti akupita ku Selayar. Za ulendowo iye safuna kukamba, amangoti anafika, ndipo pofika anachita kumunyamula ngati mtembo kukamugoneka pamchenga.

Azakhali a La Udu, Wa Sariba, anali kamayi kakang'ono kopanda mano, kofulumira miyendo. Anamupatsa madzi a kokonati, n'kudikira kuti dziko lisiye kuzungulira, kenaka anamutsogolera kuseri kwa mudzi. Mandawo anali ozunguliridwa ndi miyala ya m'nyanja, kumutu kuli chipika chimene mvula inachidya. Panalibe dzina. Koma panalibe ngakhale kaudzu kamodzi, ndipo mizere ya tsache inali kuonekabe pamchenga.

"Ndinali nditangokwatiwa kumene," anatero Wa Sariba atakhala pansi. "Inabwera ngalawa ya mchere kudzatunga madzi. Anatsitsa munthu akutentha ngati mbaula, n'kupempha apongozi anga kuti amusunge, adzamutenga pobwerera. Sanabwerere. Iyeyo sanathe mwezi."

"Dzina lake?"

"Anzake ankangoti Daeng. Nanga kwanuko si aliyense ndi Daeng? Mwini wake ankangobwebweta, chinenero chanunso ife sitimva. Tinatumiza mawu pa ngalawa ina yopita ku Selayar kuti munthu wa ku Bira wagona kuno. Kaya anakathera kuti mawuwo."

"Ndiye mwakhala mukusesa zaka zonsezi, munthu wosamudziwa?"

Mayiyo anamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana. "Mwamuna wanga anapita ku Maluku ana ali ang'onoang'ono, mpaka lero. Ngati anamutsitsa pena pake, ndiye kuti pali wina amene akusesa. Nanga ine ndikhale manja lende?"

Sampara anakumbuka ketulo ya mayi ake pansi pa bwemba. Zaka zonse zija ankayesa kuti mayi ake amangochita chifundo.

Kunyumba Wa Sariba anatsitsa dengu lakale kudenga, n'kutulutsamo lipa, nsalu ija anthu amavala m'chiuno, yamandalasi ofiira ndi akuda, yopindidwa ndi masamba onunkhira kuti njenjete zisaidye. Anati kwawoko mlendo akafa amamukulunga m'nsalu yoyera monga wina aliyense, koma nsalu imene anabwera nayo saitaya, saivala. Imadikira, kuti wofunafuna akadzabwera asabwerere ndi mawu okha.

Sampara anaitembenuza uku ndi uku. Inali yowombedwa ku Bira, zimenezo ngakhale mwana akanaona. Koma ku Bira nyumba iliyonse inali ndi chowombera pansi pake, ndipo amuna athu afera m'zilumba zambiri. Iye bambo ake sanawaonepo, nanga nsalu yawo akanaidziwira kuti? Ananena zoona, kuti sakudziwa.

"Pita nayo kwa amene angadziwe," anatero Wa Sariba. "Ikakhala kuti si yanu, udzabweze. Mwini wake adzaifuna."

Anafika kwawo dzuwa lili paliwombo. Halija anamuona akukwera makwerero, anaona kaphukusi m'khwapa, ndipo ulendo uno sanamuseke. Daeng Sunggu anali atakhala pamphasa pafupi ndi zenera, kumene ankakonda chifukwa ankamvako mphepo.

"Wabwera, wapamtunda? Ku Selayar kwakusunga bwanji?"

"Sindinali ku Selayar, Amma. Ndabwera ndi kanthu koti mukagwire."

Anaika nsaluyo pamiyendo pawo. Mayiyo anayamba waisisita pamwamba monga amachitira ndi nsalu iliyonse, kuyesa ngati mwini wake ankadziwa ntchito. Anainunkhiza. Kenaka anaifunyulula, zala zikuyenda m'mphepete, pang'onopang'ono, kutsata mkawo mpaka kumapeto. Pamenepo zala zinaima. Zinabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuimanso pomwepo.

"Ulusi unandithera," anatero, mawu ali pansipansi. "Mphepo inali itatembenuka kale, iye akungoti fulumira, anzanga akundidikira. Ndinakabwereka kwa mayi ake a Halija, koma wawo unali wokhuthala. Ndinalumikiza pano. Ndinamuuza kuti mbali iyi azilowetsa m'kati, anthu angandiseke." Anakweza nkhope. "Waitenga kwa mkazi wa ku Bima?"

"Ku Bima sanafikeko, Amma."

Anawafotokozera zonse: ngalawa ya mchere, malungo, kachilumba, mwezi umene sunathe. Anati munthu uja amene analumbira anaona wina, padoko pamakhala amuna ambiri ofanana msana. Daeng Sunggu anamvetsera osaphethira, nsalu ataifumbata m'manja onse awiri.

"Ndiye kuti pamene ndinkamuuza kuti mano ako amera, iye anali atagona kale."

"Inde, Amma."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana munthu wakufa." Anapukusa mutu. "Iye ali chete, osandiyankha. Ine n'kumati ndi mwano."

Kugombe kunkamveka nyundo za okhoma ngalawa.

"Pamene wagonapo pali thengo?"

"Ayi. Mposesa bwino, kuposa pabwalo pathu pano. Amathirapo madzi Idi iliyonse."

"Ndani?"

"Mayi wina wa konko."

"Hii, ndiye mkazi analipo ndithu." Pakamwa panagwedera ngati afuna kuseka. "Ngwokongola?"

"Alibe dzino ngakhale limodzi, Amma."

"Ukadzapitanso ukampatse lipa yanga yasilika ija, ya m'bokosi. Tsopano ndipatse mbale."

Sampara anaitsitsa pathandala. Inali mbale wamba yachitsulo, maluwa ake atafufutika ndi kutsukidwa. Mayiyo anaipukuta ndi nsonga ya nsalu ija, m'kati ndi kunja, mosafulumira. Anatsegula pakamwa ngati ayamba mawu ake a m'mawa uliwonse, koma panangotuluka kuti, "Pepani, Daeng." Anaitembenuza, n'kuivundikira pamphasa.

Kenaka analira. Sikunali kusisima kwa nkhalamba ayi, unali mfuu weniweni wa maliro, umene anzake analira kalekale ali atsikana. Unatulukira pazenera n'kutsika ndi msewu mpaka kugombe, nyundo zonse zinaleka. Anthu anayamba kuthamangira kunyumbako, akazi akufunda mipango m'njira, amuna utuchi uli m'tsitsi. Ambiri ankayesa kuti ndi mayi wokalambayo wapita, koma atafika pafupi anamva kuti wolirayo ndi yemweyo. Anaima pansi pa makwerero atasokonezeka.

Sampara anatuluka n'kuima pamwamba pa makwererowo, imvi zili mbuu, maso ali psuu. Mmodzi wa amalinyero aja amene ankamuseka tsiku ndi tsiku anavula chipewa.

"Kwagwanji, Sampara? Wamwalira ndani?"

"Bambo anga," anayankha.